Phazi la apongozi anga

Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Chongwe atawapeza ndi matenda a shuga. Anali atalima ku Nkomeshya chichokereni kwawo ku Katete ali mnyamata, ndipo apongozi aakazi atamwalira ankakhala okha, kudziphikira okha, maso atayamba kale kuchita nkhungu. Amuna anga, omwe ndi mwana wawo woyamba, anakawatenga pa galimoto ya mnzawo pamodzi ndi wailesi, majombo a mphira ndi khasu. Khasulo anakana kulisiya, ngakhale kuti pa poloti yathu malo olima ndi kachigawo kongokwanira mizere ya repu kuseri kwa khola la nkhuku.

Ine ndine mkazi wolangizidwa, ndipo masiku amenewo ndinkazinena ndi mtima wonse. Ukwati usanachitike alangizi anandikhazika pamphasa mpaka miyendo kuuma, ndipo za apongozi aamuna anazibwereza mpaka zinalowa m'mafupa. Suwayang'ana m'maso. Sulowa m'chipinda chawo. Suwakhudza, ngakhale popereka mbale. Zovala zawo zam'kati si ntchito yako. Ndinazigwira zonsezi bwino kwambiri moti amayi a kumpingo ankanditchula akamadzudzula atsikana. Kunyada ndinali nako, sindibisa. Ndikaona akazi a m'mapoloti atsopano akupatsa apongozi awo tiyi ali chilili, atavala buluku lothina, ndinkagwedeza mutu ndi kunena chamumtima kuti amenewa anakwatiwa pa foni.

Nawonso apongozi anali munthu wa mwambo womwewo. Sankandiuza chinthu mwachindunji. Akafuna mchere ankauza mpweya kuti kaya pangapezeke kamchere, ine n'kumva ndili kukhitchini. Ankanditcha amai, ine n'kumati Atate, nditagwada patali, maso ali pansi. Tinkagwirizana kwambiri mwa njira imeneyi, ndipo ndinkawakonda.

Ku kiliniki ya matenda a shuga ndine ndinkawaperekeza, chifukwa amuna anga amagwira ntchito ku Lusaka. Ulendo wina nesi anawauza kuti avule nsapato ndi masokosi. Ine ndinatembenuka msanga n'kuyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli nkhani. Ndinkangomva nesiyo akufunsa uku akuwabaya pansi pa phazi ndi kaulusi kolimba.

"Apa mwamvera, batate?"

"Iyai."

"Nanga apa?"

"Palibe."

Kenako anandiitana. "Ba mayo, siyani kalenda, bwerani kuno. Ndimwe munkhala nabo pa nyumba?" Ndinavomera. Anati, "Shuga yaononga mitsempha ya ku mapazi. Aba batate olo aponde msomali, olo khala la moto, sazamvera. Na maso yabo siyaona bwino. Manje maso yabo ndimwe. Tsiku lililonse muziona mapazi, pansi na pakati pa zala. Osayenda opanda nsapato. Manzi yosamba muziyesa na chigongono chanu. Kachilonda kang'ono chabe, mubwere nabo pamene apo."

Ndinayankha motsitsa mawu kuti, "Ni apongozi anga, ba sista."

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono. "Shuga siziba chipongozi, mayo."

Ndinati zikomo, koma mumtima ndinati kamtsikana aka sikanalangizidwe. Apongozi anavala masokosi awo, ndipo pobwerera mu minibasi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, monga mwa masiku onse.

Madzulo ndinawafotokozera amuna anga zonse, osasiya liwu. Anati, "Osadandaula, nizaziona ine pa Sande." Munthuyo amanyamuka kusanache kukalimbirana malo mu basi, amabwera kutada atatopa ndi mzere wa magalimoto wolowa m'tauni, nthawi imene bambo awo atseka kale chitseko. Masande oyamba anawaonadi mapazi. Kenako kunagwa maliro, kenako msonkhano wa madodana, bungwe la abambo ku tchalitchi, kenako nkhaniyo inangozilala. Mwana wathu wamkazi, yemwe agogo akewo ankamutcha mkazi wawo ndipo akanatha kuwavula nsapato mwachipongwe iwo n'kumaseka, anali ku sukulu yogonera komweko cha ku Kasisi. Pa nyumba masana tinkatsala awiri, ine ndi apongozi, ndi nkhuku zanga za mabroila.

Itafika nyengo yozizira apongozi anayamba kudandaula kwa mwana wawo kuti mapazi akuzizira ngati si awo. Ankati nthawi zina amachita dzanzi, nthawi zina amayaka ngati wina wawapaka tsabola. Tsiku lina ndikusesa pakhonde ndinamva akuuza mpweya kuti kaya pangapezeke tumadzi totentha ta mchere, munthu n'kuviikamo mapazi. Ndinakoleza mbaula, poti magetsi anali atapita monga mwa chizolowezi chawo, ndipo madzi aja ndinawayesa ndi chigongono monga ananenera nesi. Beseni ndinaliika pakhomo pa chipinda chawo, n'kugwada, n'kuti, "Odi, Atate, madzi," ine n'kuchoka. Tinachita choncho kwa masiku angapo.

Ndiye Loweruka lina amuna anga anandiuza akuseka kuti, "Ba tate akuti manzi yako yazizira monga ya mu mtsinje. Akuti kapena malasha yadula."

Inali nthabwala chabe, ya munthu amene mapazi ake sankamvanso kutentha. Ndinkadziwa zimenezo, nesi anali atandiuza m'maso muli gwa. Koma zinandilasa. Ine, woumira apongozi makala? Ine amene amayi a kumpingo amanditchula? Mawa lake ndinasiya madzi pa mbaula mpaka anayamba kuimba, ndinathira m'beseni, n'kuika jagi ya madzi ozizira pambali kuti asakanize okha mmene akufunira. Ndi mmene timachitira ndi madzi osamba a munthu wamkulu, ndipo palibe mlangizi akanandipeza cholakwa. Chigongono changa sichinayandikire.

Nditapita kukatenga beseni, jagi ija inali yodzaza mmene ndinaisiyira. M'madzi munkayandama kanthu koyera, kopyapyala, kukula ngati chikhatho cha mwana. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuti ndi khungu. Ndinanyamula beseni, n'kukathira madziwo pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kukankhirapo dothi ndi phazi langa.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndinkaganiza pobwerera kukhitchini tsiku limenelo. Ndinkati mwina ndi chikhungu cha ku chidendene, poti anthu olima amakhala ndi ming'alu ndi zikhungu zokhuthala zimene zimafewa m'madzi. Ndinkati akanapsa akananena. Ndinkati ndiwauza amuna anga akabwera, ndipo atabwera anali ndi mutu, ndinati mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Pansi pa zifukwa zonsezi panali mantha wamba: kunena za khungu lija kunali kunena za madzi aja, ndipo ndinkafuna kukhalabe mpongozi wabwino.

Apongozi sanapemphenso madzi. Anayamba kuvala majombo awo a mphira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale kunja kunali kouma, fumbi lokhalokha. Masokosi awo, amene ankachapa okha n'kuyanika pa mpanda wa maluwa, anasiya kuoneka. Mankhwala otsukira mano anayamba kutha msanga ku bafa. Chitenje chakale cha apongozi aakazi, chimene ankasunga m'sutikesi, ndinachipeza ku dzala chitang'ambidwa timizere, tina tili ndi madontho achikasu. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, chimodzichimodzi. Pambuyo pake tinadzamva kuti ankadzipaka mankhwala a mano aja pa matuza, matuza ataphulika n'kuthirapo ufa wa m'makapisozi amene anagula pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, kenako phulusa, n'kumanga ndi nsanza, n'kulowetsa m'jombo mopanda mpweya. Ankapapasa ndi manja, poti pansi pa phazi sakanatha kupaona.

Kenako anayamba kutsimphina, osati chifukwa cha ululu koma chifukwa phazi linatupa n'kudzaza jombo. Ndinawauza amuna anga kuti Atate akutsimphina, ndipo ndinalekera pomwepo. Iwo anakafunsa za mwendowo ali chiimire pakhomo, chikwama cha ku ntchito chili m'manja.

"Ba tate, mwendo shani?"

"Ni ukalamba chabe, mwana wanga. Kapume."

Anapumadi, ndipo sindiwaimba mlandu. Iwo sanaone za m'beseni.

Fungo litayamba ndinalikankhira kwa nkhuku. Ndinachotsa utuchi wonse m'khola, ndinathira watsopano, ndinatsuka zomwera ndi mankhwala, ndinakalipira ngakhale wondigulitsa chakudya cha nkhuku kuti wandipatsa chovunda. Khola linayera ngati chipinda cha alendo koma fungo linalipobe, ndipo linkakula apongozi akakhala pakhonde. Ntchentche zinkatera pa jombo la kumanzere lokha. Amayi ena a kumpingo atabwera kudzagula nkhuku anawapeza apongozi akuwothera dzuwa, ine nditagwada uko ndikuwapatsa phala, ndipo anandiyamikira kuti ulemu wotere unatha kale m'dziko muno. Ndinamwetulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kamodzi kokha ndinayesa. Ndinabweretsa tiyi wopanda shuga, ndinagwada pafupi kuposa masiku onse, n'kufunsa kuti, "Atate, mwendo uli bwanji?"

Anakokera jombo lija pansi pa mpando. "Uli bwino, amai. Zikomo."

"Zikomo, Atate."

Ndinadzuka n'kupita, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinapepukidwa. Ndinali nditafunsa, iwo anali atayankha, mwambo unali utakwanira. Iwo ankanditeteza ine ku manyazi a madzi aja, ine ndinkawateteza iwo ku manyazi ovula pamaso pa mpongozi, ndipo pakati pa ulemu wawo ndi ulemu wanga phazi linkawola.

Anagwa masana ena kuseri kwa khola, khasu lili m'manja. Ndinawapeza akunjenjemera, thupi lili moto, akuitana mayina a ng'ombe zimene zinafa kalekale. Ndinakuwa, ndipo bambo wa nyumba yoyandikana nayo, amene amayendetsa takisi, analumpha mpanda. Ndiye anawanyamula, ndiyenso anadula jombo lija ndi mpeni poona kuti silikuvuka. Atalitsegula anabwerera m'mbuyo n'kutchula dzina la Mulungu. Ine, ngakhale pamenepo, ndinayang'ana kumbali. Khosi linangotembenuka lokha monga linaphunzitsidwira.

Ku chipatala cha pa boma anawaika madiripu n'kutitumiza ku Lusaka tsiku lomwelo. Kumeneko malungo aja anatsika, nzeru zinabwerera, ndipo dokotala anatiitana ine, amuna anga ndi mlongo wawo amene anabwera kuchokera ku Kafue. Anafotokoza mosazungulira. Shuga inali itapha mitsempha yomvera ndi kuchepetsa magazi opita ku phazi, choncho bala la moto silikanapola lokha. Likanabwera lili matuza, anati, bwenzi tikutsuka, kumanga ndi kuwapatsa mankhwala basi. Tsopano chilonda chinali chitafika pa fupa, zala zitada, ndipo kuola kunkakwera. Mwendo unayenera kudulidwa pansi pa bondo, apo ayi poizoni alowa m'magazi n'kuwatenga. Anafunsa kuti bala linayamba bwanji. Amuna anga anati sakudziwa. Ine ndinayang'ana matailosi.

Apongozi anakana. Anakanitsitsa ndithu, ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Chinthu chosawawa adula bwanji? Nikadwala dzino nimamva. Ili phazi nilibe nalo mlandu. Nizalima na ciani? Nizapita kwa Mulungu na mwendo umodzi, mkazi wanga akanifunse kuti wina nasiya kuti?"

Amuna anga anachonderera mpaka analira, bambo wamkulu wa tayi, pakati pa wodi. Alamu anga anayamba kunena za mneneri wina wa ku Kafue amene amapempherera zilonda, ndipo anafuna kuti tiwatulutse. Anakangana pa khonde la chipatala ngati ana. Dokotala ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuyang'ana, n'kujambula mzere ndi cholembera pa khungu, ndipo anatiuza kuti popanda chilolezo cha mwini wake sangagwire mpeni. Ine ntchito yanga inali kubweretsa chakudya. Ndinkakwera basi ku Chongwe ndi zotengera zanga, n'kukagwada pa simenti ya m'wodi cha kumutu kwa bedi, kutali ndi kumiyendo kumene anaphimba ndi nsalu pa kachitsulo. Usiku sindinkagona. Ndinkapemphera kuti avomere, ndipo pemphero lililonse linkathera pa jagi yodzaza ija.

Tsiku lina pa nthawi yoona odwala ya masana, ana awo awiri atayambanso kukangana pambali pa bedi, apongozi anakweza dzanja.

"Tulukani nonse. Atsale apongozi."

Anayang'anana, n'kutuluka. Ndinatsala nditagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni pa banja limenelo anatembenuza nkhope n'kulankhula kwa ine, osati kwa mpweya.

"Amai, ine maso yanga yanatha. Phazi ili siniliona, sinilimva. Ana anga ali na mantha, wina akuti dulani, wina akuti tiyeni kwa mneneri. Adokota siniwadziwa. Imwe mwanisunga bwino, ndipo simunaninamizepo. Muone imwe, muniuze."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Ndinayamba kunena kuti, "Atate, madzi aja..."

"Sininafunse za madzi. Nafunsa phazi."

Ndinapempha nesi wa m'wodimo kuti amasule mabandeji. Anandipatsa magolovesi, n'kukoka makatani. Ndinayenda ndi maondo kuchoka kumutu kwa bedi kufika kumiyendo, ndipo ndinayang'ana.

Linali phazi lalikulu, lotambalala, la munthu amene anayenda m'mizere moyo wake wonse. Zala zitatu zinali zakuda ndi zouma ngati makala. Pansi pake panali dzenje lolowa chala, m'mbali mwake motuwa, likutuluka mafinya, ndipo mkati ndinaona choyera chimene nesi anandinong'oneza kuti ndi fupa. Pamwamba khungu linali lotupa, lonyezimira, lofiirira mpaka kupitirira kakolo. Mizere ya cholembera cha dokotala inali itatu, uliwonse pamwamba pa unzake. Fungo lake ndinalidziwa bwino, linali lija ndinkalisaka m'khola la nkhuku. Ndinalira mopanda phokoso, kuti asamve.

"Mwaona?"

"Naona, Atate."

"Lili bwanji?"

"Lafa, Atate."

Pa bedi loyandikana munthu wina ankakanda mbale ndi supuni.

"Lonse?"

Sindinadziwe kuti ndiwauze bwanji ndi mawu. Ndinatambasula dzanja n'kugwira chala chachikulu. Chinali chozizira. Ndinafunsa ngati akumva, anati iyai. Ndinagwira pa kakolo, anati palibe. Ndinakwera pang'onopang'ono ndi msongolo, ndikusindikiza, iwo akungoti palibe, palibe, mpaka ndinadutsa mzere wotsiriza wa dokotala n'kufika pamene khungu linali lofunda, la mtundu wawo weniweni.

"Apo," anatero. "Apo namva. Ni dzanja lanu, amai?"

"Ni langa, Atate."

"Osachotsa. Itanani mwana wanga abwere aone pamene mwagwira, akauze adokota."

Nesi ndiye anapita kukawaitana. Amuna anga ndi alamu anga atalowa m'makatani anandipeza nditagwira mwendo wa bambo awo.

Dokotala anadula mwendowo m'mawa mwake, pamwamba pang'ono pa pomwe panali chala changa.